Mawu Awiri Achingerezi ndi Dzanja la Yakobe

Lolemba, 19 Okutobala 1981

Lero ndagwa chagada pamaso pa Sitandade 8 yonse, ndipo buluku langa la ku koleji, lija ndinkati silidzatha, latha.

Mlandu ndi wa Angerezi. Phunziro linali la mawu aja akuti "back out". Ndinawalemba pabolodi n'kumasulira bwinobwino: uvomere chinthu, anthu adalire iwe, kenako ubwerere m'mbuyo kuti ayi, sindichitanso. Ana maso tuzu, ngati mbuzi yoonerera mpira. Ndiye ndinati ndiwaonetse ndi thupi, pakuti ku koleji anatiuza kuti mwana amamva ndi maso. Ndinagwirana chanza ndi wa pabenchi yakutsogolo ngati tapangana kanthu, n'kuyamba kuyenda chambuyo, chambuyo, nkhope ili kwa iwo, mpaka pakhomo. Ndinaiwala kuti pakhomo pathu pali sitepe. Ine khu! Miyendo m'mwamba, buluku kwaa!

Wondidzutsa sanali mwana wasukulu. Nsapato zonyezimira, suti yakuda m'dzuwa la Okutobala. "Lyton, mpaka lero ukuphunzitsabe ndi msana?" Gordon! Tinkagona chipinda chimodzi ku koleji, ndipo ankakopera zimangirizo zanga za Chingerezi pamodzi ndi zolakwa zomwe. Sanagwirepo choko ngakhale teremu imodzi, anapita kumaofesi. Watsika sitima ya Ilala dzulo. Akuti ntchito za boma, zoyendayenda.

Pobisa manyazi ndi buluku, ndinamukhazika kumbuyo kwa kalasi, ine n'kumaphunzitsa nditatsamira bolodi. Ndinapempha chiganizo. Felistus, mwana wa mlamu wanga Yakobe, mutu wa kalasi imeneyi, anakweza mkono:

"My father backed out of the dance."

Chiganizo chosalala ngati dzira losenda, popanda pogwira choko chofiira. Ndinanyada. Ndipo mwambo wanga ndi umodzi chiyambire uphunzitsi: chiganizo chabwino kalasi yonse imachibwereza mokweza katatu kuti chikhazikike. Anabwereza mpaka malata ananjenjemera. Gordon anawomba m'manja.

Madzulo watulukira ndi sutikesi. Akuti kumene anagona dzulo kuli nsikidzi. Masiku awiri okha, Lachitatu akwera basi. Mkazi wanga Phoebe wamuyalira m'chipinda cha makina osokera.

Lachiwiri, 20 Okutobala

Ndinali nditaiwala kukoma kwa munthu womvetsera. Kuno nkhani zanga zinasukuluka. Ndikangoti "tsiku lina kwathu ku Dowa," Phoebe amamaliza yekha ali kukhitchini. Koma Gordon amaseka pamalo pake, amamenya tebulo, amafunsa kuti ndiye zinatha bwanji. Ndamukhuthulira zonse.

Tikudya nsomba ya batala yootcha, anati, "Mtsikana wa Chingerezi chakuthwa uja ndi wa yani? Ndipo ndi gule wanji amene bambo ake anamuthawa?"

Ndinayala nkhani ngati mphasa. Loweruka la pa 31 kukubwera bwana wamkulu wa Chipani pamsonkhano, ndipo gulu la malipenga la ku Chikale lidzavina. Ng'oma yaikulu ya gululi, chiyambire ndi ya Yakobe, mchimwene wake wa Phoebe. Pamsonkhano wokonzekera atcheyamani atafunsa, Yakobe anaimirira, chipewa pachifuwa, n'kuvomera. Patapita masiku anatumiza mawu kuti dzanja lamanja lagwidwa nyamakazi, silingathe kugwira ndodo ya ng'oma.

"Koma nyamakazi yake ndi yophunzira," ndinatero ine katswiri, "imawerenga kalendala. Loweruka lapitali ndinamupeza ku Mwaya akusema bwato ndi dzanja lomwelo, zibanthu zikuuluka ngati nkhungu." Ndinaimirira n'kuyerekezera: uku dzanja lopuwala, uku kasemasema akudya mtengo. Gordon anaseka mpaka misozi.

Phoebe anadzachotsa mbale tisanamalize kudya. Kuchipinda anangoti, "Ada, munthu ameneyu mwamufunsa ntchito yake?" Ndinati ndi mnzanga wakale. "Wakaleyo mukumudziwa, inde. Nanga watsopanoyu?"

Za Yona sindinanene. Ngakhale muno sindinalembemo dzina lake chichokereni. Mwana woyamba wa Yakobe, kalaliki wa padoko, amene ankaimba ng'oma yaing'ono pambali pa bambo ake. Chaka chatha Landirova inamutenga pantchito, masana ndithu, cholembera chili kukhutu. Chifukwa chake sitinauzidwe, kumene ali sitikudziwa, kufunsa sitifunsa.

Lachitatu, 21 Okutobala

Basi yapita. Gordon anali kosamba.

Lachinayi, 22 Okutobala

Chiganizo chathawa m'kalasi.

M'mawa pamsewu wa kumsika ndapeza tiana ta Sitandade 2, tosadziwa ngakhale moni wa Chizungu, tikulumpha chingwe n'kumaimba: "Yakobe backed out! Yakobe backed out of the dance!" Dzinalo aikamo okha. Tsoka lake ndi lakuti nyimboyo ndi yokoma, imagwirizana ndi phazi. Zaka zonsezi ndikulira kuti ana salankhula Chingerezi kunja kwa kalasi. Mulungu amamva, koma amasankha tsiku lake.

Mayi wogulitsa usipa anandikodola. "Ada aphunzitsi, bakitauti n'chiyani? Ndi matenda amene agwira a Yakobe?" Ndinati ndi Chingerezi cha mayeso basi, chilibe ntchito. Ayufi awiri oona makadi a Chipani pachipata anamva. Mmodzi anati, "Mutiphunzitseko nafenso, aphunzitsi, ife sukulu tinaisiyira panjira." Anaseka onse awiri. Ine ndinatulutsa khadi langa asanandifunse.

Ahedi anandiitana, anatseka chitseko, analankhula za kutha kwa choko nthawi yaitali, kenako anati, "A Mwale, m'buku la Chingerezimo mulibe mawu ena? Ovomera, olowa nawo, othokoza?" Masana ndaphunzitsa "join in". "We all join in the dance." Abwereza katatu ngati akuwerenga mayina a odwala kutchalitchi. Pamsewu palibe waiimba.

Felistus sanakweze mkono tsiku lonse.

Lachisanu, 23 Okutobala

Ndaweruka n'kupeza Gordon pakhonde, wakhala pampando wanga, mulu wa mango pambali.

"Iwe Lyton, ndithandize ngati kale. Ku ofesi timalemba m'Chingerezi, ndipo mabwana amadana ndi mawu osokonekera. Back out, pull out, drop out, kusiyana kwake n'kotani?"

Mphunzitsi ndi nyama yosavuta kukola, nyambo yake ndi funso. Ndinakonza kukhosi. Drop out ndi kusiyira panjira, mwina mphamvu zatha, ngati mwana wosiya sukulu. Pull out ndi kuchotsamo anthu ako kapena katundu wako, ngati timu yochoka mumpikisano. Koma back out ndi ya munthu amene anapereka mawu ake, anzake n'kumanga pa mawuwo, iye n'kuwabweza mwadala.

"Mwadala," anatero Gordon, akusenda bango lina ndi kampeni. "Nanga wodwala?"

"Wodwala ayi. Wodwala walephera chabe. Ameneyo sitingamunenere mawu amenewa."

"Ndiye pali ziwiri. Mwina dzanja lili bwino, ndipo mwanayo ananena zoona. Mwina dzanja likudwaladi, ndipo mphunzitsi anaimbitsa ana a boma bodza lonyazitsa msonkhano wa Chipani, katatu, mokweza. Iwe ukuti ziti?"

Anafunsa akumwetulira, madzi a bango ali pachibwano. Ndinati mango a kuno ali ndi ulusi wambiri.

"Ali nawo," anatero, n'kupitiriza kudya.

Loweruka, 24 Okutobala

Anati ndimuonetse tauni. Tinalowa mubala ija ya pafupi ndi doko, mmene Loweruka lililonse amandisungira mpando ndi botolo kuti ndiwaseketse. Bawo inaima njere zili m'manja. Sajeni wa polisi, munthu amene saimirira ngakhale m'busa akalowa, anadzuka n'kupereka mpando wake kwa mlendo wanga. Mwini bala anakana ndalama yake n'kukweza wailesi.

Ndinayamba nkhani ya m'busa ndi njinga yopanda mabuleki, imene sinandichititsepo manyazi. Palibe anaseka. Mmodzi anakumbukira ukonde wong'ambika, wina mwana wodwala, wina anangotuluka osakumbukira kanthu. Tinatsala atatu ndi wailesi.

Pobwerera anati, "Anthu akuno ndi amanyazi eti?"

Tauni yonse inamudziwa tsiku limene anatsika sitima. Wosadziwa anali mmodzi, wa satifiketi ya ku koleji. Kuyambira lero muno ndizimulemba G.

Lamulungu, 25 Okutobala

G. waimba tena kutchalitchi. Mawu ake akadali abwino.

Masana atagona ndinazemba n'kupita ku Chikale. Yakobe ndinamupeza pansi pa mtengo wa mango. Ng'oma yaikulu ili pakhonde, aifunditsa chiguduli ngati nkhuku yofungatira.

"Mwe uli, mlamu?" ndinatero, ndi Chitonga changa chimene Phoebe amati chimayenda ndi ndodo.

"Nde umampha, ine bakitauti. Sukulu sindinapite nayo patali, koma tsopano dzina langa lili m'Chingerezi. Yewu, mlamu."

Ndinamuuza zonse, za patebulo, za bwato la ku Mwaya, za zisudzo zanga. Anamvetsera akupichira fodya.

"Ndipo munandiyerekezera bwino?"

"Bwino kwambiri."

"Inu mumatha."

Ndinamupempha. Ndinati mlamu, pitani Loweruka mukaimbe, ndi tsiku limodzi, mukanene kuti mankhwala agwira ntchito. Anakoka fodya nthawi yaitali.

"Ndinavomera, sindikukana. Atcheyamani akafunsa, mutu umagwedezeka wokha. Tsiku loyamba lokonzekera ndinapita. Ng'oma yaing'ono anaipereka kwa mwana wa munthu wina. Ndinakweza ndodo, ndinayang'ana kumanzere kumene amaima Yona kuti tigwe pamodzi, ndinapeza nkhope yachilendo. Dzanja silinatsike. Za nyamakazi sindinaname kwenikweni, mlamu, kungoti ili mkati."

Ndinati adzakutengani.

"Ng'oma yanga mphepo ikakhala bwino imawoloka nyanja. Mukufuna Yona amve kumene aliko kuti bambo ake ali pachisangalalo?"

"Nanga Felistus adzatsala ndi yani?"

Mayi a anawa anamwalira kalekale, pakhomo pali iye ndi mtsikanayo basi. Kenako anafunsa, "Chiganizocho ananena bwino?"

"Chopanda cholakwa."

"Musamukalipire."

Lolemba, 26 Okutobala

Ilala yalira padoko, yanyamula anthu ake, yapita kummwera. G. waibaibitsa ali pakhonde, kapu ya tiyi ili m'dzanja.

Mlendo safunsidwa tsiku lopita, onse tinaleredwa choncho, ndipo iye akudziwa kuti tinaleredwa choncho. Phoebe wayamba nkhondo ya amayi. Kondowole wolala ndi chigwada chopanda mchere. Madzi osamba ozizira. Makina osokera wawakokera pakhomo pa chipinda chake n'kumasoka mbandakucha nsalu yopanda ulusi.

G. wanyambita zala. "Mlamu, kuphika kotere ku Lilongwe kulibe. Munthu akhoza kukhala mwezi."

Lachiwiri, 27 Okutobala

Felistus wabwera ndi rula yatsopano. Pa buleki watsalira m'kalasi, waiika patebulo langa ngati ikutentha.

Akuti dzulo amalume a suti anakumana naye panjira ya ku Chikale, anamunyamulira mabuku, anamugulira Fanta. Anamufunsa bwato limene bambo ake akusema ndi la yani, litha liti, amasema masiku ati.

"Ndiye unati chiyani?"

"Anati ndiyankhe m'Chingerezi, sala. Anati akufuna aone ngati mumaphunzitsa bwino." Misozi mbwe mbwe. "Sindinafune kukuchititsani manyazi."

Rulayo ili m'kabati ya choko. Sindikudziwa ngati kubweza mphatso yotere ndi mlandu.

Lachitatu, 28 Okutobala

M'mawa G. akumeta ndevu pakhonde, ndi lezala langa, pagalasi langa.

"Uitane mlamu wako adzadye nafe Lachisanu. Ndione dzanjalo ndi maso anga, ndisadalire nthano zako."

Ndinafunsa kuti likapezeka labwino zidzatani.

"Lolemba tikwera sitima awiri, ine ndi iye. Usade nkhawa, ulendo ndi wa boma."

"Likapezeka lodwala?"

"Ndiye yatsala nkhani ya tiana tolumpha chingwe. Ndinganene kuti mphunzitsi wawo ndi chitsiru chabe, anagwa pasitepe n'kugunda mutu. Zitsiru sitinyamula, malo ndi ochepa. Zimangirizo zako zija sindinaiwale."

Anatsuka lezala, analipukuta bwinobwino, n'kundipatsa m'manja.

"Usandiyang'ane choncho, Lyton. Ine kuno ndinabwera kudzaona za mbendera ndi mipando ya msonkhano. Nkhaniyi andiimbira ndi ana ako, iwe n'kuwonjezera zisudzo. Tsopano Ayufi aimva, atcheyamani aimva. Ndikabwerera chimanjamanja adzandifunsa kuti makutu anga anali kuti."

Lachinayi, 29 Okutobala

Uthenga wapita ndi Phoebe. Ndinati akauze Yakobe amange bandeji yaikulu, apake mankhwala onunkha. "Adzamasula," anatero. Ndinati ndiye apalase bwato athawire kumpoto kwa abale. "N'kusiya Felistus kuti aziyankha m'Chingerezi?"

Wabwera dzuwa litapendeka. Sanalowe m'nyumba. Walunjika kuseri n'kuyamba kuchapa chitenje chimene anavala m'mawa. Phoebe sachapa Lachinayi. Ndamufunsa kuti mlamu wati chiyani.

"Wati abwera."

Lachisanu, 30 Okutobala

Wabweradi, ndi jekete lake la kutchalitchi, dzanja lamanja lokulungidwa nsalu mpaka pamkono. Nkhope yotuwa, thukuta pamphumi. Ndinaganiza kuti ndi mantha, ndipo mumtima ndinati akuchita bwino, koma nsaluyo yachuluka, aliyense angakayikire.

G. anamulandira ngati mwini nyumba. "Achimwene! Dzina lanu ndalimva pamsewu ponse, lero ndaona mwini wake."

"Yewu, bwana."

Phoebe anabwera ndi beseni ndi jagi. Anayamba ndi mlendo, kenako ine. Atafika pa mchimwene wake, Yakobe anatambasula lamanzere.

"Aa, ayi," anatero G. "Kwathu munthu sadya ndi lamanzere pamaso pa anzake. Masulani tisambitse lenilenilo. Nyamakazi imakonda madzi ofunda."

Yakobe anayang'ana Phoebe. Phoebe anaika jagi pansi, anagwada, n'kuyamba kumasula. Nsalu yoyamba inali yoyera. Yachiwiri inali itamatirira, yakuda. Pansi pake panali bandeji ya kuchipatala, ndipo pansi pa bandejiyo panali dzanja. Chala chachikulu chasokedwa ngati thumba la ufa, chotupa ngati chinangwa. Cholozera palibe. Chachitatu chatsala theka.

Ine ndinagwira tebulo.

G. anawerama n'kuyang'anitsitsa, osafulumira. "Munati nyamakazi."

"Ndi yomweyo, bwana. Dzulo ku Mwaya lamanjali linakaniratu kugwira kasemasema. Mwini bwato akudikira, ndiye ndinati ndigwire ndi lamanzere, lamanjali lingogwirizira mtengo. Lamanzere ntchito siliidziwa."

"Panali anthu?"

"Asodzi anandinyamula. Mlongo wangayu anali atangofika kumene."

Zaka zonse zimene Yakobe wasema mabwato sanadzichekepo ngakhale chikhadabo. Aliyense m'chipindamo ankadziwa zimenezo. Kenako G. anati, "Pepani kwambiri, achimwene. Mangani, ntchentche zingatere." Anakoka mbale n'kuyamba kudya. Anadya zonse, anapempha msuzi wina. Yakobe anadya ndi lamanzere, pang'onopang'ono, ndipo palibe ananenanso za mwambo.

Ndayesa kupeza nthabwala yoti ndilembe apa. Palibe.

Loweruka, 31 Okutobala

Msonkhano wachitika. Ndinatsogolera ana anga ndi timbendera. Amalipenga anali mbee, makabudula oyera, masokosi mpaka m'maondo. Ng'oma yaikulu anaimba mnyamata wamphamvu zake, koma inkachedwa pang'ono, ndipo mapazi a ovina ankaiyembekezera ngati basi. Bwana wamkulu sanazindikire, anawomba m'manja. Anthu a ku Chikale anayang'ana pansi.

G. anakhala kutsogolo, mzere wachiwiri. Za ulendo wake sananene kanthu. Za Yakobe sananene kanthu.

Pamsewu tiana tasiya nyimbo ija. Kaya watiletsa ndani.

Lamulungu, 1 Novembala

Phoebe wagona ku Chikale, akusamala bala la mchimwene wake. Chichokereni Lachisanu sanandilankhule. G. wapempha ayironi.

Lolemba, 2 Novembala

Ahedi andipatsa chilolezo ndisanamalize kupempha. "Perekezani mlendo, a Mwale. Mumufikitse m'kati mwenimweni."

Sutikesi inalemera kuposa pobwera: mango, usipa wouma, mabotolo awiri a mwini bala. Tauni yonse inapereka mphatso kuti asaiwale kanthu n'kubwereranso. Padoko dzuwa linali likuswa mtengo, onyamula katundu akukankhana, mbuzi zikulira m'mwamba pokwezedwa. Pamakwerero a sitima panaima apolisi awiri. Ndipo pafupi ndi matumba a chinangwa panaima Yakobe, mkono uli m'chitenje chomangirira pakhosi. Palibe anamuitana. Anati ngati akumufuna asavutike kupita kunyumba, kumene kuli mwana.

G. anaima patsogolo pake. Apolisi anatembenuka. Ine sutikesi inali pamutu ngati wonyamula katundu.

"Dzanja likupeza bwanji, achimwene?"

"Likuchira, bwana."

"Ndikanena kuti munadwala. Mawu enawo sakukuyenerani, aphunzitsi anandifotokozera bwino."

Apolisi anayang'ananso kumbali. G. anayamba kuyenda. Pamenepo Yakobe anavula chipewa ndi lamanzere n'kuchita chimene palibe wachita chichokereni Landirova ija.

"Bwana, inu mumayenda malo ambiri. Ine ndili ndi mwana..."

G. sanatembenuke. Analankhula akuyang'ana sitima, motsitsa mawu, ngati akuwerenga dzina la sitimayo pachitsulo.

"Wa ng'oma yaing'ono. Amaimba pambale yodyera, amasowetsa anzake tulo. Ndikamuuza kuti bambo ake anasiya."

Anatenga sutikesi pamutu panga, anati, "Usasiye nthano, Lyton," n'kukwera. Sanabaibitse.

Ilala inalira, inachoka pang'onopang'ono. Tinaima pomwepo mpaka itakhota kuseri kwa phiri, pakuti sindinakhulupirire kuti sabwerera ndi bwato. Kenako Yakobe anakhala pathumba la chinangwa cha eni ake.

"Mwamva, mlamu? Ali moyo."

Ndinati ndamva.

Anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa fodya ndi kapepala. Anayesa pabondo ndi dzanja limodzi, fodya anamwazika. Anandipatsa.

"Ndipichireni."

Sindinapichirepo fodya chibadwire. Woyamba anamasuka, wachiwiri anang'ambika. Iye anangodikira, maso ali kunyanja.